FINISHING AMAPANGA NDI WOGWAYO

Magaye a pa gulupu pano, ndibwerekeni mphindi zisanu. Wa bandulo yochepa asadandaule, mulibe vidiyo muno, ndi mawu okhaokha.

Chitulukireni mu vidiyo shoo Lamulungu lija foni yanga sikupuma. Nkhani yake imodzi yomweyo: finishing yoopsa ndi iti? A RKO ali mbali yawo, akuti imabwera ngati mwera, sumaiona. A Spear akuti Roman Reigns ndi Goldberg akakugunda nthiti zimasanduka nkhuni. Madala a Undertaker akuti zonsezo ndi zachibwana, Tombstone ndiye maliro enieni. Ndiye pali aise wina uja amangolowa n'kulemba kuti “zabodza izi” n'kutuluka. John Cena yekha ndiye mwagwirizana zomunyoza, eti AA ndi kungotula munthu ngati thumba la makala.

Ine ndakhala chete masiku atatu. Lero ndiyankhule, ndipo ndikutsutsani nonse, kuphatikizapo wa “zabodza” uja. Mukutama munthu wolakwika. Finishing amapanga ndi wogwayo.

Tiyambe ndi RKO yanuyo. Muibwezere pa foni, muiyendetse pang'onopang'ono. Randy Orton amadumpha, n'kukola mutu wa mnzake, n'kugwa chagada. Basi. Amene amadziponya kutsogolo thupi lonse, n'kufikira pachifuwa ndi mikono, nkhope atayang'anitsa kumbali, ndi winayo. Akapanda kudumpha, Orton agwa yekha ngati munthu woterereka pa ndere. RKO imene mumaikonda kwambiri ija, ya pa WrestleMania 31 mu 2015, ndani anauluka m'mwamba? Seth Rollins. Anaponda Orton, n'kudzikankhira m'mwamba, n'kutsika molunjika pomwe mikono inkamudikira. Inu munakuwa dzina la Orton. Ntchito yaikulu anagwira ndi amene anagona pansiyo.

Tombstone nayo chimodzimodzi. Munthu amazondoka, miyendo m'mwamba, koma yang'anani manja ake: wakumbatira chiuno cha Undertaker zolimba. Mutu wake uli pakati pa ntchafu, pamwamba pa maondo. Chimene chimagunda pansi ndi maondo a Undertaker. Mutu sufika. Tsitsi ndi kamera ndi zimene zimakunamizani. Spear bwanji? Wogundidwayo amadziponya yekha kumbuyo, chibwano atachigunditsa pachifuwa kuti nkhongo isamenye pansi, mikono n'kumenya ring'i kuti mphamvu imwazike. Izi amaphunzira kusukulu zawo za wrestling, ndipo phunziro loyamba ndi kugwa. Miyezi amangogwa, kudzuka, kugwa, asanaloledwe kunyamula munthu.

Ife ana a asodzi siziyenera kutivuta kumva zimenezi. Usipa ukatuluka wambiri padoko anthu amatchula dzina la mwini chilimira. Koma tonse timadziwa kuti siginala anakhala yekha m'bwato ndi nyali usiku wonse, alovi anakoka mpaka manja kutupa. Mmodzi akachedwa kukoka mbali yake, nsomba zimathawira pansi. Mu ring'i ndi momwemo: anthu awiri amene tikuwaona ngati adani akukoka ukonde umodzi.

Tsono iwe wa “zabodza”, bwera pafupi. Ukuona ngati watulukira chinsinsi? Eni akewo anavomera kale mu 1989, pamaso pa aphungu a ku New Jersey, kuti awa ndi masewero osangalatsa anthu, wopambana amadziwika nkhondo isanayambe. Mesa Tikuferanji umaonera? Unayamba waimirira n'kukuwa kuti Manganya akunama? Wopambana amakonza mu ofesi, zoona. Umboni wake nawu: F5 ya Brock Lesnar inafunika katatu kuti igonetse Undertaker pa WrestleMania 30 mu 2014, pomwe 21-0 inathera. F5 yomweyo, imodzi yokha, inalanda lamba kwa Kofi Kingston, mwana wobadwira ku Ghana, mu October 2019, nkhondo yosakwana n'komwe theka la mphindi. Nanga F5 inasintha? Ayi. Mabwana ndi amene amasankha kuti lero finishing iyi ikhale mkango, mawa ikhale mphaka. N'chifukwa chake mkangano wanu wakuti “yamphamvu ndi iti” ulibe mutu. Mukukangana za mphamvu imene amalemba ndi bolopeni.

Koma kugwa salemba ndi bolopeni. Khosi ndi khosi.

SummerSlam 1997. Owen Hart anazondotsa Stone Cold Steve Austin, koma m'malo mogwada anakhala pansi ndi matako, mutu wa Austin uli m'munsi kwambiri. Unagunda. Austin anagona osatha kusuntha bwinobwino kwa kanthawi, ndipo khosi limenelo linamuvutitsa mpaka kusiya kumenya mu 2003 asanakwanitse zaka 40. Owen sanali mbuli, anali mmodzi mwa akatswiri enieni, wobadwira m'banja la wrestling. Kusiyana kwake kunali ngati zala ziwiri zokha.

October 1999. Darren Drozdov, amene ankamutcha Droz, ananyamulidwa ndi D'Lo Brown kuti amugwetse powerbomb. Zinaterereka. Anafikira mutu, khosi linathyoka. Mnyamata wa zaka 30 anakhala pa njinga ya olumala mpaka kumwalira mu 2023.

December 1999. Goldberg amene mumamuimbira m'manjayo anamenya Bret Hart theche la kumutu lenileni, losabweza. Bongo unagwedezeka, ntchito ya Bret inathera pomwepo. Bret yemweyo amene mpaka lero amanyadira kuti pa zaka zake zonse sanavulazepo mnzake. Ndiye mundiuze, katswiri ndani pa awiriwa? Goldberg yemweyonso mu 2019 ku Jeddah analephera kumaliza Jackhammer, Undertaker n'kufikira pafupifupi pakhosi. Amene munaonera mukukumbuka nkhope ya mdala uja nkhondo itatha. Sinali nkhope ya sewero.

Ngakhale wogwetsayo amalipira. Edge, mwini Spear winanso, anasiya mu 2011 chifukwa cha khosi, anakhala panja zaka 9. Lesnar pa WrestleMania 19 mu 2003 anafuna kudzionetsa, anakwera pamwamba pa zingwe kuti atembenuzike m'malere, anafikira mutu. Hulk Hogan, finishing yake inali kungodumpha n'kugwetsa mwendo pakhosi pa munthu, yooneka yophweka, koma kufikira matako usiku ndi usiku kwa zaka kunamuwonongera msana, maopaleshoni osawerengeka.

Tsono funso labwino si lakuti yoopsa ndi iti. Funsani kuti ndi finishing iti imene ingagwire pa munthu aliyense, usiku uliwonse, anthu n'kukuwa, kenako onse awiri n'kudzuka m'mawa kukagwiranso ntchito. Mukafunsa choncho, yankho langa likupwetekani: AA ya John Cena.

Eya, thumba la makala lomwelo. Dikirani ndimalize.

Ine ntchito yanga ndi mainjini a maboti. Pagombe lonseli, kuchokera ku Chia mpaka ku Dwangwa, funsani msodzi aliyense injini imene amaikhulupirira. Akuuzani Yamaha Enduro. Si yokongola. Ilibe mabatani, ilibe magetsi ophethira. Koma ukakoka chingwe imalira, ikavuta pakati pa nyanja umatsegula ndi sipanala ya 10 ndi ya 12, kupukuta pulagi, kuuzira kabuleta, n'kubwerera kumtunda. Injini yabwino ndi imene imakubweza kwanu. AA ndi Enduro. Munthu amamunyamula paphewa, aliyense mu holo amaona chimene chikubwera, ndipo amafikira msana wonse nthawi imodzi, mutu uli kutali ndi pansi. Yagwira pa anthu ang'onoang'ono, yagwira pa zimphona. Pa WrestleMania 20 mu 2004 ananyamula Big Show. Mu 2009 ananyamula Big Show ndi Edge onse awiri pamodzi paphewa. Anaigwiritsa ntchito zaka zoposa 20, malamba a dziko lonse 17. Mumati Cena ali ndi mamuvu asanu okha. Inenso m'thumba langa la ntchito zida zimene ndimagwira tsiku ndi tsiku sizipitirira zisanu, ndipo palibe anabwerapo kudzandiuza kuti sindine makaniko.

Ndikudziwa wina alemba kuti “ndiye tizionera zotopetsa?” Ayi aise. Inenso Rey Mysterio akazungulira pazingwe ndi 619 ndimaimirira. Gunther akamenya munthu khofi la pachifuwa ndimagwira changa. Sitayilo iliyonse ili ndi malo ake: wouluka, wamphamvu, wopinda mafupa, wapakamwa. Chimene ndikukana ndi kuyeza ukatswiri ndi kuopsa. Mukamati wakutiwakuti ndi dolo chifukwa “amapweteka zenizeni”, mukutama makaniko amene injini zake zimaphulika.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndapsa mtima ndi nkhani ya pa TV. Ndinene.

Mwezi wa June, mwera utavuta, maboti onse ali pamtunda, ndinali pagombe kusintha impela ya injini ina. Pafupi nane ana ankasewera wrestling pambali pa bwato lovundikira. Mmodzi mwa iwo anali mwana wa achemwali anga, wa Sitandade 5. Ife akuluakulu tinalipo anayi, tikuseka, tikuwapatsa mayina. Uyu Roman, uyu Orton. Ine ndi amene ndinali lifali. Ndinasiya sipanala n'kumamenya mchenga, wani, thuu, firii. Wina mwa ife anakuwa kuti “mupange Tombstone!” Sindinaletse. Ndinaseka.

Mnyamata wokulirapo anamuzondotsa mwana uja. Sankadziwa za maondo, sankadziwa kuti mutu uyenera kukhala pamwamba. Ankadziwa zimene tonse timakuwa mu vidiyo shoo, kuti Tombstone ndi kukhomera mutu pansi. Mwayi wake anapendekeka, mwana anafikira phewa. Ndinamva kaphokoso ngati wathyola bango louma.

Anakhala chete osalira. Magaye, kachetechete ameneyo sindidzamuiwala. Ine Droz ndimamudziwa, Austin ndimamudziwa, zonse zinabwera m'mutu nthawi imodzi. Kenako anakuwa kuti “amalume, dzanja!” ndipo ndinaona miyendo ikuphiriphitha. Sindinasangalalepo ndi kulira kwa mwana ngati tsiku limenelo.

Linathyoka ndi fupa lapakati pa khosi ndi phewa, mbali ya kumanja. Kabaza mpaka kuchipatala, kujambula, mkono m'nsalu masabata angapo. Mayeso a teremu analemba movutika, zilembo ngati nkhuku yapalasa. Ndalama imene achemwali anasunga yoti akapikulire usipa inathera pa mayendedwe ndi mankhwala. Iwo sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, “Achimwene, inu munali pomwepo?” Bola akanandimenya.

Ring'i imene mumaona pa SuperSport ili ndi zitsulo pansi, matabwa pamwamba pake, siponji, kenako chinsalu. Imanepa munthu akagwa, ndipo ngakhale choncho imathyola anthu. Mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi sunepa. Amene munagwapo pokankha boti mukudziwa, uli ngati simenti. Kuja pambali pa ring'i pamakhala madokotala. Kuno pamakhala ife, tikuseka. Ndipo WWE yomweyo inaletsa piledriver kwa zaka zambiri, kusiyira anthu ochepa okha ngati Undertaker ndi Kane. Chinthu chimene akatswiri olipidwa mamiliyoni analetsedwa, ife tikutuma ana a Sitandade 5.

Uthenga uja amaika woti musayesere kunyumba, mu vidiyo shoo umadutsa m'Chingerezi, anthu akugula zitumbuwa. Mwana samva zimenezo. Amamva ife. Akamva mkulu wake akunena kuti RKO imaswa nkhope zenizeni, kuti Goldberg ndi mwamuna chifukwa sabweza dzanja, iye amapita kukachita zenizenizo pa mng'ono wake. Bodza lakuti wogwetsa ndiye amachita zonse timalifalitsa ndi ife, ndipo ndi limene linathyola phewa la mwana uja. Mnyamata anamunyamulayo sindimuimba mlandu. Anachita zimene anaphunzira kwa ife.

Sindikuti tisiye kuonera. Loweruka ndikhala pa benchi yanga yomwe ija yakutsogolo, ndipo amene akufuna kutsutsa za AA abwere ndi mfundo, osati masitika. Koma ndikupempha zitatu. Mukakhala ndi mwana pafupi poonera, muuzeni kuti ayang'ane wogwayo, muonetseni maondo a Undertaker, adziwe kuti awiriwo akuthandizana ndipo anaphunzira zaka. Inu eni mavidiyo shoo, uthenga uja ukadutsa imitsani kaye, munene m'Chichewa, sizikudyerani mafuta a jenereta. Ndipo mukaona ana akuzondotsana pagombe, musafunse kuti ndi mwana wa ndani. Aletseni. Akufuna kulimbana, agwetsane chiimirire ngati mmene tinkachitira ife, kapena akapikisane kusambira. Khosi alisiye.

Mwana uja anachira, wayambanso kupalasa bwato la agogo ake. Dzulo anabwera pomwe ndimagwira ntchito n'kundifunsa kuti, “Amalume, ndiye amene amaluza ndi amene amatha kwambiri?” Ndinamuuza kuti nthawi zambiri eya. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti basi iye azichemerera Seth Rollins.

Tumizani ku magulupu ena a m'mbali mwa nyanja muno, makamaka kumene kuli makolo ndi eni mavidiyo. A RKO, ndikudikira yankho lanu.