Foni ingaphunzitse tchesi, koma isalande sukulu

M'mabanja ambiri a m'matauni muli mkangano wosatha. Mwana wamatirira pafoni, makolo akuti akuononga nthawi, iye akuti akuphunzira tchesi. Nkhani ya Tyler Steinkamp wa ku America, yemwe amadziwika ndi dzina loti Tyler1, ingathandize mbali zonse ziwiri kuona pomwe pali choona.

Mkuluyu adatchuka ndi masewero ena a pakompyuta otchedwa League of Legends. Tchesi adayiyamba mwakhama m'chaka cha 2023 pomwe adalowa nawo mpikisano wa ophunzira kumene wa PogChamps, omwe amakonza ndi a Chess.com. Panthawiyo mapointi osonyeza mphamvu zake adali pafupifupi 200, mlingo wa munthu amene wangodziwa kumene kayendedwe ka zidutswa. Mpikisanowo sadapambane, koma sadasiye. Chaka chisanathe, mu 2024, adali atafika pa mapointi 1900, kuposa osewera ambiri zedi a pa Chess.com.

Chomwe chidadabwitsa akatswiri ndi kaseweredwe kake. Pafupifupi gemu iliyonse ankayiyamba mofanana, ndi njira yotchedwa The Cow, kutanthauza ng'ombe, yomwe adayitchukitsa mu 2023 ndi Anna Cramling wa ku Sweden. Munthu amasuntha asilikali awiri apakati sitepe imodzi yokha, kenako mahatchi onse awiri amadzera kumbuyo kwa asilikaliwo n'kukaima m'mbali ngati nyanga. Odziwa tchesi sayilemekeza njirayi chifukwa imasiyira mdani pakati pa bolodi, pomwe ndi pamene pamagona mphamvu.

Nanga adakwera bwanji ndi chida chobuntha chotere? Yankho ndi kubwereza. Posewera magemu masauzande ambiri moyamba mofanana, adazolowera misampha yonse ya njirayo pomwe adani ake ankakumana nayo mwa apo ndi apo. Adathetsanso mafunso a tchesi masauzande, aja amati peza njira yogonjetsera mfumu kapena yodyera chidutswa. Pamlingo wa ophunzira, gemu imatha chifukwa wina wasiya chidutswa chake poyera, osati chifukwa cha kuzama kwa mabuku. Akuluakulu adati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa.

Apa mwana ali ndi mfundo. Foni ingaphunzitsedi tchesi, ndipo pa Lichess, yomwe idayamba mu 2010, munthu amasewera ndi kuthetsa mafunso osalipira kanthu kupatula bandulo ya intaneti.

Koma makolo nawonso sakulakwa. Tyler1 adali munthu wamkulu kale, wandalama zake, ndipo kusewera magemu ndiyo ntchito yomwe imamudyetsa. Ankatha kukhala maola ochuluka patsiku ali pa tchesi popanda mayeso omudikira. Mwana wa Fomu 2 ku Balaka kapena ku Mponela amene angatengere zimenezi adzakweza mapointi a pafoni uku malikisi akutsika. Komanso mapointi a pa intaneti si ofanana ndi a bungwe la tchesi padziko lonse la FIDE, amene munthu amawapeza atakhala pabolodi yeniyeni maso ndi maso ndi mnzake. Amon Simutowe wa ku Zambia adafika paudindo wa Grandmaster mu 2009 podzera m'mipikisano yotere.

Choncho kulanda foni si nzeru, ndipo kungomulekerera mwana si chikondi. Makolo agwirizane naye nthawi yosewera, akamaliza ntchito za kusukulu ndi zapakhomo. Amufunse kuti aonetse gemu yomwe wagonja ndi kufotokoza pomwe adalakwitsa, chifukwa wosewera amene amangothamangira gemu ina akagonja akungopsetsa mtima, sakuphunzira. Aphunzitsi nawo atsegule makalabu a tchesi m'sukulu, ndipo bungwe la Chess Association of Malawi lifikire ana a m'maboma amene akudziphunzitsa okha pafoni.

Bawo ana ankaliphunzira atakhala pambali pa akuluakulu pansi pa mtengo, ndipo dzuwa likapendeka aliyense ankabwerera ku ntchito yake. Tchesi ya pafoni ilibe dzuwa loyiletsa. Udindo woika malire watsalira makolo, ndipo auyambe sabata ino.