Kachitsulo kamodzi, sitima imodzi

Kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la England kuli msewu wa njinga umene umalowa m'phanga lalitali makilomita oposa 1.6 pansi pa phiri la Combe Down. Msewuwu unatsegulidwa mu 2013, koma kufikira 1966 m'phangamo munkafuka utsi wa sitima. Imeneyi inali njanji ya Somerset and Dorset, yochokera mumzinda wa Bath kukafika ku Bournemouth m'mbali mwa nyanja, mtunda wa makilomita pafupifupi 115. Inkadutsa m'midzi ya alimi a ng'ombe zamkaka ndi m'dera la migodi ya malasha ku Radstock.

Chigawo chake chokwera mapiri a Mendip kupita ku Bath chinatsegulidwa mu 1874. Poti ndalama zinali zoperewera, anayala njanji imodzi yokha. Sitima yopita ndi yobwera zinkayenda pa zitsulo zomwezo, n'kumapatukirana pa masiteshoni owerengeka. Choncho tsiku lililonse pankafunika kugamula kuti ilowe ndi iti, idikire ndi iti.

Poyamba chigamulochi chinali m'manja mwa mkulu mmodzi wokhala ku Glastonbury, amene ankatumiza malangizo ku masiteshoni pa waya wa telegalafu. Pa 7 Ogasiti 1876, tsiku la tchuthi, kampani inawonjezera sitima 17 pa zimene zinkayenda nthawi zonse. Pofika usiku zambiri zinali zitachedwa, ndipo ofesi ya mkuluyo sinkadziwanso kumene ina mwa sitimazo inali. Pa siteshoni ya Wellow mauthenga ankalandira ndi mnyamata wa zaka 15 amene anali pantchito chiyambire m'mawa. Pa Foxcote, pakati pa Wellow ndi Radstock, nyali ya chizindikiro inali itazima chifukwa mafuta anatha. Aliyense anayesa kuti mnzake waonetsetsa kuti njira ili bwino. Sitima ziwiri zinalowa m'chigawo chimodzi kuchokera mbali zosiyana, ndipo zinagundana usiku womwewo. Anthu oposa 12 anafa.

Ngozi zoterezi zinkachitikanso pa njanji zina za m'dzikomo. Mu 1878 katswiri wina, Edward Tyer, analembetsa kuboma makina amene anasintha kayendetsedwe ka sitima pa njanji imodzi, ndipo m'zaka zotsatira anafika nawonso pa njanji ya Somerset and Dorset. Kumapeto onse awiri a chigawo ankaikako bokosi lachitsulo, mabokosiwo n'kuwalumikiza ndi waya wamagetsi. M'kati mwake munali tizitsulo tozungulira tolembedwa mayina a masiteshoni awiriwo. Woyendetsa sitima sankaloledwa kulowa m'chigawo popanda kachitsulo m'manja. Kuti kachitsulo katuluke, woyang'anira zizindikiro ankaimbira belu mnzake wa tsidya linalo, ndipo mnzakeyo ankayenera kudina batani lovomereza. Kamodzi kakangotuluka, mabokosi onse awiri ankadzitseka mpaka kachitsuloko katabwezedwa m'limodzi mwa iwo. Munthu angatope, angaiwale, angamve molakwa. Bokosi silinkapereka kachiwiri koyamba kasanabwere.

Panatsala vuto limodzi. Sitima inkayenera kuchepetsa liwiro kuti antchito apatsirane kachitsuloko pamanja, ndipo pokwera mapiri zimenezi zinkataya nthawi ndi malasha. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, Alfred Whitaker, amene ankayang'anira mainjini a njanji yomweyi, anapanga chogwirira chokhala ngati nsagwada. China ankachimangirira pa injini, china pa mtengo wachitsulo m'mbali mwa njanji, ndipo sitima inkasiya kachitsulo kakale n'kutola katsopano ikuthamanga.

Nzeru zonsezi sizinathe kupulumutsa njanjiyi pamene malole ndi magalimoto anachuluka. Lipoti la Richard Beeching la mu 1963 linaitchula pakati pa zoyenera kutsekedwa, ndipo mu Malichi 1966 sitima zonyamula anthu zinaleka kuyenda. Zitsulo zambiri anazizula, masiteshoni ena anasanduka nyumba zogona, ndipo pena anthu okonda mbiri anakonzanso tizigawo tifupitifupi toti alendo aziona.

Chimene chinatsala ndi phunziro la pa Foxcote. Usiku uja panalibe amene anafuna kupha mnzake. Ngozi inadza chifukwa chilolezo chinali mawu chabe, oyenda kuchokera kwa munthu wotopa kupita kwa wina wotopa. Magulu ambiri a banki m'khonde amaidziwa nzeru yomweyi: bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo silitsegulidwa gulu lisanasonkhane. Makomiti osunga ndalama za mjigo, mbewu za m'nkhokwe ya mudzi kapena feteleza wa kalabu angachite bwino kudzifunsa ngati chilolezo chawo ndi chinthu chooneka ndi chogwirika, kapena ndi mawu akuti "anandiuza". Kumanga dongosolo lotere si kukayikira munthu wokhulupirika. Ndi kumutchinjiriza pa tsiku limene watopa.