Kodi makina oyezera matenda amanama?

Amalawi anzanga, pali kakhalidwe kena kamene ine kamandidandaulitsa. Dokotala akatiuza kuti tilibe kachirombo timati makina ngabwino, koma akangoti tili nako, basi makina omwewo asanduka abodza. Tinaziona pa Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo tinabwerezanso Covid-19 italowa mu Epulo 2020.

Ambiri ankatsamira pa zimene ananena malemu John Magufuli wa ku Tanzania mu Meyi 2020, zoti papaya ndi mbuzi zinapezeka ndi kachirombo ku labotale ya dziko lake. Tinaseka nazo m'maminibasi. Chaka chomwecho Tanzania inasiya kulengeza chiwerengero cha odwala, koma kodi matenda amathawa chifukwa mwasiya kuwerenga? Ife kuno mu Januwale 2021 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama.

Sindikunena kuti kuyeza sikulakwika ayi. Njira ya PCR imachulukitsa tizidutswa ta kachirombo mpaka tioneke, choncho ngakhale kodetsa kakang'ono m'labotale kangasokoneze zotsatira. Njira yachangu ija, ya mphindi 15 mpaka 30, imatha kuphonya kachirombo kakakhala kochepa m'mphuno. Pa HIV napo, munthu amene wangotenga kumene angathe kuuzidwa kuti alibe, poti thupi limatenga masabata angapo lisanapange asilikali amene chipangizo chimafufuza m'magazi. N'chifukwa chake amati mudzabwerenso, ndipo akakupezani nako amatsimikiza ndi chipangizo china.

Onani, zolakwika zonsezi zili ndi chifukwa chodziwika komanso mankhwala ake: kuyezanso, ukhondo, ndi anthu odziwa ntchito. Sikelo ya pa msika ikanama timakayesa pa ina, sitigula chimanga mongoyerekeza ndi maso.

Tsono pempho langa lili pawiri. A boma, malabotale musamawakumbukire mliri utafika kale pakhomo. Zipangizo, magetsi ndi galimoto zonyamulira zokayeza kuchokera kumidzi zikhalepo nthawi zonse, chifukwa zotsatira zofika munthu ataikidwa kale m'manda sizithandiza aliyense.

Ndipo inu abale anga, ngati mukukayika, funsani kuti akuyezeninso. Safunsa anadya phula. Koma kung'amba kapepala n'kubwerera kunyumba ngati palibe chachitika ndi kuika pa chiswe mkazi wanu, ana anu ndi agogo aja a kumudzi.