Phunzitsani adokotala akumudzi kuzindikira khansa ya amayi

Abale amene mudakhalako ku Mangalande mumatiuza za dokotala wa banja, wodziwa mayi, mwana ndi agogo omwe. Kuno kwathu dokotala wa banja ndi Medical Assistant kapena Clinical Officer wa pachipatala chaching'ono, amene mzere wa odwala umamudikira kuyambira m'mamawa. Ine ndikuti ameneyu ndiye woyenera kuphunzitsidwa za khansa ya amayi, chifukwa ndiye woyamba kumva dandaulo.

Dandaulolo limabwera mwamanyazi. Mayi amati akutaya magazi akakhala malo amodzi ndi bambo, kapena chikazi chikununkha. Wina adasiya kusamba kalekale koma magazi ayambanso. Nthawi zambiri amangomulembera mankhwala a matenda opatsirana pogonana, osamuyeza n'komwe. Akabweranso, mankhwala omwewo. Podzafika ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central, khansa ya khomo la chiberekero imakhala itafalikira kale.

Chikhalirecho kuyeza sikulira makina odula. Kachitsulo kotsegulira njira, nyali ndi viniga basi: malo amene ayamba kudwala amayera mbee, ndipo amatha kuwotchedwa tsiku lomwelo asanasanduke khansa. Unduna wa Zaumoyo udakhazikitsa njirayi mu 2004, ndipo mu 2019 atsikana a zaka 9 adayamba kulandira katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi. Zonsezi n'zabwino, koma katemera sangapulumutse mayi wa zaka 45 amene ali kale pamzere, makamaka ngati ali ndi HIV, poti oterewa khansayi imawagwira msanga.

Dokotalayo adziwenso pamene viniga amalekezera. Khansa ya m'kati mwa chiberekero ndi ya mabasiketi a mazira sizioneka ndi viniga. Mayi wachikulire wotaya magazi, kapena wotupa mimba kosalekeza, atumizidwe kuchipatala chachikulu ngakhale pakhomo pa chiberekero pakuoneka bwino.

Nanga aphunzire kuti? Chonde a Unduna, osati kumaphunziro a masiku atatu kunyanja kumene anthu amapitira alawansi. Kuyambira 2015 College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa KUHeS, yakhala ikusula madokotala a banja pachipatala cha Mangochi. Madokotala otere apatsidwe galimoto ndi mafuta, azizungulira zipatala zazing'ono n'kumayeza odwala limodzi ndi a Medical Assistant. Ndipo mayi akatumizidwa ku Blantyre, kalata yofotokoza zimene zapezeka izibwerera kwa amene adamutumiza.