Anakana, inde, koma kukana kwake kuti?

Mwana wa achemwali anga, amene akukonzekera mayeso a MSCE, anandionetsa chimangirizo chake sabata yathayi. Penapake analemba kuti "he denied to come". Aphunzitsi anadula mawuwo ndi cholembera chofiira, iye n'kumadandaula kuti amulakwira. Sanamulakwire ayi. Koma mwanayo ndinamumvetsa. M'mutu mwake munali liwu limodzi, kukana, ndipo kwathu kuno liwu limeneli limasenza katundu yense. Munthu amakana nsima, amakana mlandu, amakana pathupi, amakananso m'bale wake.

Angelezi katunduyu anamugawa. Kukana chakudya kapena ntchito imene wapatsidwa amati "refuse". Kunena kuti zimene akukunenezazo n'zabodza ndiye "deny". Mpaka apa palibe chovuta.

Pamene pamandisangalatsa ine ndi pa nkhani ya Petulo usiku uja tambala asanalire. Baibulo la King James la mu 1611 limati zimene anachitazo ndi "deny". La New International Version, lomwe linatuluka lathunthu mu 1978, linasankha "disown". Liwu lachiwirili ndi lolemera, chifukwa ndi la kholo limene lauza mwana wobala lokha kuti kuyambira lero sindikudziwa. Muli kudula chibale mmenemo. Petulo sanangotsutsa zimene ananena mtsikana wina wantchito, anataya munthu amene ankadya naye mbale imodzi.

Ndiye pali mawu ena amene amakana uku akuulula. Sungachite "renounce" unzika kapena ufumu umene sunakhalepo nawo. "Recant" nayenso ndi wa munthu amene akubweza poyera zimene ankakhulupirira. Thomas Cranmer, mkulu wa mabishopu ku Canterbury, anasayinira zikalata zotere ali m'ndende mu ulamuliro wa Mfumukazi Mary. Tsiku lomutentha ku Oxford, pa 21 March 1556, anakana kukana kwake kuja, ndipo dzanja lamanja limene linasayinalo ndi lomwe anayamba kulipisa m'moto. Popeza "renounce" ndi "recant" amaulula, mneneri wa chipani wochenjera mawu awiriwa amawazemba. Amakonda "disavow" kapena "distance", kutanthauza kuti anyamata aja anaswa magalimoto si athu, ngakhale anavala makaka athu.

Dandaulo langa lenileni lili kwa anzanga olemba nkhani m'Chingelezi. Nduna ikangoimirira pamsonkhano n'kunena kuti ndalama sinabe, mawa lake mutu wankhani umati "refutes". Koma "refute" ndi kugwetsa bodza ndi umboni, malisiti ali pathebulo, aliyense n'kuona kuti womunenezayo ananama. Ndunayo sinaonetse kanthu. Inangopukusa mutu, ndipo mtolankhani, posafuna kubwereza "deny" kawiri m'ndime imodzi, waipatsa chigamulo chimene ngakhale khoti silinapereke.