Mipando yotsika mtengo ikutha mitengo

Banja lomwe langolowa kumene m'nyumba ya lendi ku Area 25 kapena ku Chilomoni limakhala ndi njira ziwiri zopezera tebulo kapena kabati. Likhoza kupita kwa kalipentala ku Mchesi kapena ku Ndirande, kupereka ndalama yoyambira ntchito, n'kudikira masabata angapo. Likhozanso kulowa m'sitolo m'tauni n'kutuluka tsiku lomwelo ndi katoni momwe muli kabati yonyezimira yochokera kunja, yofunika kungolumikiza. Njira yachiwiriyi ndi yokopa, koma ndalama yolipira pa kauntala ndi gawo chabe la mtengo wa katunduyo.

Malonda a mipando ya m'makatoni adakula ndi kampani ya IKEA, yomwe Ingvar Kamprad adayambitsa ku Sweden mu 1943. M'zaka za m'ma 1950 kampaniyi idayamba kugulitsa matebulo ochotsa miyendo kuti azikwana m'katoni yaphwatalala. Ndalama zonyamulira katundu zidatsika, ndipo ntchito yolumikiza idasiyidwa m'manja mwa wogula. Mafakitale a m'maiko ambiri, kuphatikizapo China, adatengera nzeruyi.

Chinsinsi china chili pa matabwa ake. Yambiri mwa mipandoyi imapangidwa ndi utuchi ndi tizidutswa ta mitengo zomatidwa ndi guluu, zomwe amalonda amazitcha chipboard kapena MDF, kenako amakuta pamwamba ndi pepala kapena pulasitiki yooneka ngati thabwa lenileni. Apa ndi pomwe mwambi woti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umapherezera. Madzi okolopera akafika kumiyendo, thabwalo limafufuma n'kuyamba kuyoyoka. Pomwe padalowa msomali pakakula, sipagwiranso. Kwa anthu a m'tauni omwe amasamuka pafupipafupi chifukwa cha kukwera kwa lendi, ulendo uliwonse wa pa lole umachepetsa moyo wa kabatiyo, ndipo kalipentala alibe pogwira kuti aikonze.

Zotsatira zake zikuoneka m'maiko omwe adayamba kale kugula motere. Malinga ndi bungwe loona za chilengedwe ku America la Environmental Protection Agency, mu 2018 anthu a m'dzikolo adataya matani 12.1 miliyoni a mipando ndi katundu wina wa m'nyumba, kuyerekeza ndi matani 2.2 miliyoni mu 1960. Pa matani 100 aliwonse, 80 adakakwiriridwa kumtaya. Matabwa a utuchi ndi ovuta kuwagwiritsanso ntchito kaamba ka guluu ndi pulasitiki, ndipo guluu wambiri wotere amakhala ndi mankhwala a formaldehyde, omwe bungwe lofufuza za khansa pansi pa World Health Organization lidati amayambitsa khansa. Kuno, kabati yophwasuka imathera kumtaya wa Mzedi kapena wa Area 38, apo ayi imasanduka nkhuni, utsi wake n'kumapumidwa ndi wophika.

Kunkhalango nakonso kuli dandaulo. Kabati ikamatha m'zaka zochepa, fakitale imafuna mitengo ina yopangira yolowa m'malo. Mu 2020 bungwe la Earthsight la ku Britain lidatulutsa lipoti loti matabwa odulidwa mophwanya malamulo m'mapiri a Carpathian ku Ukraine adapezeka m'mipando ya IKEA, ngakhale adali ndi chiphaso cha Forest Stewardship Council chosonyeza kuti nkhalango yake imasamalidwa. Kampaniyi idati silandira matabwa odulidwa mwachinyengo, koma nkhaniyi idaonetsa kuti chidindo cha pa katoni pachokha si umboni wokwanira.

Chodabwitsa n'chakuti otsatsa malonda amagulitsa mipandoyi ndi uthenga woti nyumba izionetsa khalidwe la mwini wake. Komatu shelefu ya mabuku yotchedwa Billy, yomwe IKEA idayamba kugulitsa mu 1979, ndi yofanana m'nyumba za ku Stockholm, London ndi Shanghai. Zithunzi za pa Facebook ndi TikTok zimasintha fasho mwachangu, moti sofa yomwe idali yamakono dzana lero ikuoneka yachikale, ingakhale ili yolimba. Wogula amamva ngati wasankha yekha, pomwe anthu zikwi zambiri asankha chimodzimodzi. Pomwe izi zili chomwechi, mipando yoluka ya ku Malawi, yomwe mmisiri amapanga umodziumodzi ndi manja, ikugulitsidwa pa mtengo wokwera ku South Africa ndi ku Ulaya kwa anthu omwe atopa ndi katundu wa m'fakitale.

Izi sizikutanthauza kuti mpando uliwonse wa kalipentala ulibe mlandu. Matabwa omwe ogula amakonda, monga mbawa ndi mlombwa, amachokera m'nkhalango zachilengedwe momwe mtengo umatenga zaka makumi angapo kuti ukhwime. Mu 2019 dziko la Malawi lidapempha ndipo lidaloledwa kuti mkungudza wa ku Mulanje ndi mukula zilowe m'gulu la mitengo yomwe malonda ake amayang'aniridwa pansi pa pangano la CITES. Mu 2022, pamsonkhano wa ku Panama, mitundu ya mbawa ndi mlombwa ya mu Africa idawonjezeredwa. Nayo nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53 000, yomwe ikadapereka paini wokwanira kuti mitengo yachilengedwe ipume, idaonongeka ndi moto komanso kudula kosabwezeretsa.

N'zosathandizanso kuloza chala wogula. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu idakwera, ndipo banja losowa pokhala mlendo silingadikire kuti ndalama ya tebulo la mbawa ikwane. Komabe masamu ake ndi osavuta. Tebulo lomwe ligulidwe katatu m'zaka 15 limadya ndalama zambiri komanso mitengo yambiri kuposa limodzi lomwe lingapalidwe, kupakidwa vanishi n'kusiyiridwa ana. Choncho muyeso weniweni ndi zaka zomwe mpando ungakhale komanso ngati ungakonzeke.

Maiko ena ayamba kuika muyesowu m'malamulo. Mu July 2024 bungwe la European Union lidakhazikitsa lamulo lofuna kuti katundu azikhala wolimba ndi wotheka kukonza, ndipo mipando ili m'gulu la katundu woyambirira kukhudzidwa. IKEA nayo idayamba mu 2020 kugula mipando yake yakale m'maiko angapo kuti igulitsidwenso.

Malamulo akamakhwima ku Ulaya, katundu wolephera muyeso amafuna msika kwina, ndipo maiko osaunika bwino zolowa m'malire ndi omwe amakhala pachiopsezo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards likhoza kulamula kuti mpando uliwonse uzikhala ndi chizindikiro chofotokoza zomwe wapangira. Boma, lomwe limagula madesiki ndi mipando ya m'maofesi yochuluka, likhoza kumagula kwa amisiri a m'dziko muno ogwiritsa ntchito paini ndi bulugamu wodzala. Kwa banja la ku Area 25 lija, mafunso awiri ndi okwanira lisanalipire: kabatiyi yapangidwa ndi chiyani, ndipo chitseko chikaguluka, ndani angachibwezeretse?