Mphira ya m'jimu imadziwika pa sikelo

Majimu akuchuluka m'matauni mwathu. Ku Ndirande, ku Kawale ngakhale ku Chibavi, achinyamata akuchita lendi chipinda, kuikamo zitsulo n'kumalipiritsa pamwezi, pomwe ena akukonza kachipinda kotere kunyumba. Onsewa amafuna choyala pansi, ndipo uwu ndi msika wabwino kwa ife a geni. Koma tiupha tokha msikawu tikamagulitsa siponji n'kumanena kuti ndi mphira.

Matailosi a siponji ndi aja amitundumitundu, opepuka, olumikizana m'mbali ngati mano, kawirikawiri a masentimita 60 mbali zonse. Ndi abwino poseweretsera ana kapena podziwongolera thupi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chitsulo chikagwerapo amaboka, amang'ambika, ndipo simenti ya pansi imasweka. Mwininyumba akayamba kulonjerera ndalama yokonzetsera, kasitomala uja amabwera pa benchi panu, ndipo anzake onse onyamula zitsulo amamva dzina lanu.

Mphira yeniyeni ya m'jimu nthawi zambiri imapangidwa kuchokera ku matayala akale ogayidwa, n'kumatidwa pamodzi. Ndi yolemera. Sikweya mita imodzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi pa milimita iliyonse ya kukhuthala kwake, choncho ya mamilimita 20 iyenera kuyandikira makilogalamu 20. Mukamaoda, musadalire zolemba za pa katoni. Ikani imodzi pa sikelo.

Kenako funsani wogula zomwe azichitirapo. Poyenda anthu ndi pansi pa makina, mphira ya mpukutu ya mamilimita 6 mpaka 8 ndi yokwanira. Ponyamulira zitsulo za m'manja pamafunika ya mamilimita 15 mpaka 20. Pomwe zitsulo zolemera zimaponyedwa pansi kuchokera m'mwamba pamafunika ya mamilimita 30 kapena kuposa.

Ena anena kuti anthu alibe ndalama, amafuna zotchipa basi. N'zoona kuti mphira ndi yodula. Chipinda cha mamita 5 kwa 6 chili ndi masikweya mita 30, ndipo kuchiyala chonse ndi ya mamilimita 20 ndi katundu woposa theka la tani. Wopikula ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg akudziwa zomwe kulemera kotere kumachita pa thiransipoti, tisanakambe za msonkho. Komatu chipinda chonse sichifunika yokhuthala. Mulangizeni kasitomala asankhe ngodya imodzi ya zitsulo zolemera, mwina masikweya mita 6, ayalepo yokhuthala, kwinako ayale yopyapyala kapena adikire kaye. Mugulitsa zochepa lero, koma jimu ikamakula adzabwerera kwa inu.

Mtengo muziutchula pa sikweya mita. Tinene kuti thailosi ya masentimita 50 ili pa K15,000 pomwe ya mita imodzi ili pa K50,000. Yaing'onoyo ikuoneka yotchipa, koma pamafunika zinayi kuti zikwane sikweya mita, ndiye kuti K60,000. Masamu omwewa akupulumutsani inunso kooda. Powerengera chipinda muziwonjezerako pang'ono, chifukwa zina zimatha ndi kudula m'makona.

Muuzeninso wogula kuti mphira yatsopano imanunkha, choncho aiyale kaye pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo. Simenti ikhale youma komanso yosalala asanayale, apo ayi chinyontho chimabisala kunsi n'kuyambitsa nkhungu. Amene akufuna malamba akale a m'mafakitale adziwe kuti amateteza simenti ndithu, koma ndi olimba kwambiri, amaterera akanyowa ndi thukuta, ndipo ena amakhala ndi mawaya m'kati.

Siponji ili ndi ogula ake, igulitseni ndi dzina lake. Koma munthu akatchula zitsulo, tulutsani sikelo ndi tepi yoyezera musanatchule mtengo.